Nsimbi za Mwezi wa Disembala

Chaka chilichonse pa 1 Disembala boma limatseka usodzi kuti nsomba ziswane, ndipo doko la Chanyanya limakhala zii mpaka kumapeto kwa Febuluwale. Mabwato amakokeredwa kumtunda, maukonde amapachikidwa, amayi ogula nsomba ochokera ku Lusaka saonekanso. Nthawi imeneyi ndi pamene nsimbi zimatuluka. Kuseri kwa nyumba ya amalume anga, pansi pa mtengo wa mango, anyamata amagubuduza paipi yakale imene kunsonga zake zonse ziwiri kuli zitini za penti zodzaza simenti. Benchi ndi thabwa la bwato lakufa loikidwa pa mabuloko. Sabata yoyamba amabwera oposa khumi, mashati atavula, foni ikuimba nyimbo. Pofika Januwale amatsala asanu. Pa 1 Malichi paipi ija imagona mu udzu, nkhuku n'kumakwerapo.

Sindikuwaseka. Ine ndimaphunzitsa mbiri yakale pasukulu ina ya sekondale m'tauni ya Kafue, ndipo ndili ndi kabuku kamene ndimalembamo zimene ndanyamula. Mukakatsegula mupeza masamba atatu pamene madeti amalumpha: pena miyezi inayi, pena isanu ndi iwiri, pena chaka chathunthu. Koyamba ndinaleka chifukwa cha kuchonga mayeso, kachiwiri phewa linandipweteka chifukwa chofuna kudzionetsa pamaso pa anzanga, kachitatu palibe chimene chinachitika, ndinangoleka. Ndinabwerera pamene nesi wina anandipima BP, n'kundiyang'ana kawiri, n'kundifunsa zaka zanga. Bambo anga anamwalira ndi sitiroko asanapume pantchito. Choncho funso lakuti n'chifukwa chiyani munthu amayamba nsimbi ndi moto kenako n'kuzizira si la anyamata a kudoko okha. Ndipo popeza ntchito yanga ndi kufukula zakale, ndinapita kukafunsa kumeneko.

Amalume ndiwo anandipatsa poyambira. Tsiku lina madzulo anatiyang'ana tikutuluka thukuta, nati: "Mphwanga, sukulu yonse ija, lero ukunyamula katundu amene sapita kulikonse, wopanda wokulipira?" Anyamata anaseka, koma funso lawo lili ndi mbiri. Chitsulo cholemera chinafika kuno ndi njanji. Mlatho wa sitima wa pa Kafue unamangidwa mu 1906, zigawo 13, kutalika mamita 427, ndipo panthawiyo unali wautali kuposa milatho yonse ya njanjiyo. Amene ananyamula zitsulo zake anali anthu akuda ofuna ndalama ya msonkho. Mwini kampani yomanga, George Pauling, ankadziwika ndi mphamvu zake, ndipo zimakambidwa kuti pocheza ndi anzake ankasenza kavalo wake wamng'ono n'kuzungulira naye tebulo la biliyadi. Onani kusiyana kwake. Mzungu ankanyamula kuti anzake aombe m'manja, agogo athu ankanyamula kuti mesenjala wa boma asawagwire. Kwa m'badwo wa amalume, kunyamula cholemera ndi chizindikiro cha umphawi, ndipo munthu wophunzira amathawa zimenezo. Mnyamata amene akuyamba nsimbi ku Chanyanya amayamba ndi mawu amenewa m'makutu.

Nkhani yakale kwambiri ya kunyamula mwa kufuna ndi ya Milo wa ku Croton, mzinda wa Agiriki kum'mwera kwa Italy. Anali wogwetsana, ndipo anapambana kasanu ndi kamodzi pa masewera a Olimpiki akale, koyamba ali mnyamata cha m'ma 540 Yesu asanabadwe. Amati anatenga mwana wang'ombe wobadwa kumene n'kumamusenza tsiku lililonse, mwana wang'ombe akukula, iye mphamvu zikukula, mpaka anadzasenza nkhunzi yathunthu. Nditaifotokoza m'kalasi, mwana wina amene kwawo amaweta ng'ombe m'madambo a Kafue anakweza dzanja nati, "Ba Sir, uyo muntu sanasungepo ng'ombe." Ananena zoona. Mwana wang'ombe amabadwa ndi makilogalamu pafupifupi 25, ndipo m'zaka zochepa nkhunzi imapitirira 300. Ng'ombe imakula msanga kuposa msana wa munthu, ndiponso nkhunzi siilola kusenzedwa. Agiriki nawonso ankadziwa kukometsera nkhani, monga asodzi athu akamakamba za mlamba umene unathawa.

Koma mkati mwa bodzalo muli mfundo imene aliyense wonyamula nsimbi amaidalira mpaka lero: katundu ayenera kukula pang'onopang'ono, apo ayi thupi limazolowera n'kuleka kusintha. Apa ndi pamene zitini zathu za simenti zimatigwetsa. Simenti yosakaniza ndi mchenga ndi miyala imalemera pafupifupi makilogalamu 2.4 pa lita imodzi, choncho chitini cha malita 5 chimafika pa 12, ziwiri 24, kuonjezapo paipi. Kulemera kumeneku kukauma kwauma. Sabata yoyamba n'kolemera kwambiri, sabata yachisanu n'kopepuka, ndipo chotsatira chimene anyamata ali nacho ndi paipi ya mabaketi a malita 20, imene mbali imodzi yokha imayandikira makilogalamu 48. Pakati palibe kanthu. Mnyamata wina amene ndinamuphunzitsapo mu Giredi 9 anayesa kudumpha kuchoka pa yaing'ono kupita pa yaikulu, inamukanikiza pachifuwa, tinachita kumuchotsa anthu awiri. Anadzuka nati, "Ba Sir, nsimbi yanikana." Mawa lake sanabwere. Iye anaganiza kuti alibe mtima wolimba, pamene chimene analibe ndi makilogalamu 30, 33 ndi 36.

Vuto limeneli ena analiona kale. Mu 1902 munthu wina wa ku Philadelphia, Alan Calvert, anatsegula kampani yopanga zitsulo zonyamula zimene munthu ankatha kuonjezera kapena kuchepetsa kulemera kwake. Dzina limene anaipatsa ndi Milo Barbell Company. Anapanga mwana wang'ombe wachitsulo amene amakula pamene mwini wake wafuna, ndiponso pamlingo umene mwini wake angathe. Kwa ine ichi ndi chinthu chachikulu m'mbiri yonse ya masewerawa, ngakhale kuti dzina la Calvert simudzaliona pa sikipa ya wina aliyense pamsika.

Amene mudzawaona ndi ogulitsa chithunzi. Woyamba anali Eugen Sandow, wobadwira ku Königsberg mu 1867, dzina lake lenileni Friedrich Müller. Anazindikira kuti anthu amalipira ndalama zambiri kuti aone thupi lake kuposa kuti aone zimene wanyamula. Pa 14 Sepitembala 1901 anachititsa mpikisano waukulu wa matupi ku Royal Albert Hall mu London, mmodzi wa oweruza ali Arthur Conan Doyle, mlembi wa nkhani za Sherlock Holmes. Mu 1904 anafika ku South Africa kudzaonetsa minofu. Ankagulitsa magazini, mabuku ndi tizitsulo topepuka ta m'manja, pamene iye mwini thupi lake analimanga ndi zitsulo zolemera. Pambuyo pake kunabwera Charles Atlas, Mtaliyana wosamukira ku New York, amene ankagulitsa maphunziro a masewera olimbitsa thupi kudzera pa positi. Kutsatsa kwake kunali kajambula ka mnyamata woonda amene chimunthu chikumuthira mchenga kumaso pamaso pa chibwenzi chake. Malonda ake anali manyazi. Manyazi amamudzutsa munthu m'mawa kwa sabata ziwiri kapena zitatu, kenako amatha mphamvu ngati batire ya tochi.

Chithunzi chimenechi chinadutsa pafupi ndi kwathu kuposa mmene ambiri amadziwira. Reg Park, wa ku Leeds, amene anakhala Mr. Universe mu 1951, 1958 ndi 1965, anakhazikika ku Johannesburg n'kutsegula majimu kumeneko. Mnyamata wina wa ku Austria anaona chithunzi chake m'magazini n'kuganiza zofanana naye. Mnyamatayo ndi Arnold Schwarzenegger, amene mu 1975 anapambana Mr. Olympia ku Pretoria, mpikisano umene unajambulidwa mufilimu ya Pumping Iron ya 1977. Monga mphunzitsi wa mbiri sindingathe kudutsa osanena kuti Pretoria wa 1975 anali likulu la tsankho, nthawi imene Lusaka ankasunga othawa a ANC, ndipo wachiwiri kwa Arnold m'gulu la olemera anali munthu wakuda, Serge Nubret wobadwira ku Guadeloupe. Ife a m'komboni Arnold tinamudziwira m'tinyumba ta vidiyo, titakhala pa mabenchi, titalipira ndalama imene tinatumidwa kukagula tomato. Tikatuluka mu Commando aliyense ankayenda mikono itatalikirana ndi nthiti. Lero ntchito imeneyi yatengedwa ndi TikTok ndi Facebook, ndipo yafika poipa, chifukwa matupi ambiri amene mumaona pafoni ndi a mankhwala a masiteroidi, amene amawononga chiwindi ndi mtima, kufooketsa ubereki ndi kumeretsa mawere pachifuwa cha mwamuna. Mnyamata wodya nsima ndi kapenta akadziyerekeza ndi thupi la jekeseni, amadziona wolephera pa mpikisano umene sanalowemo.

Ngati mufuna munthu womupachika pakhoma, ine ndingasankhe dokotala. Thomas DeLorme anadwala nyamakazi yokhudza mtima ali mwana ku Alabama, madokotala n'kumuuza kuti asamadzivutitse, koma iye anadzilimbitsa ndi zitsulo. Mu 1944 anali dokotala wa asilikali pa chipatala cha Gardiner ku Chicago, chodzaza ndi anyamata ovulala pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Nthawi imeneyo odwala ankapatsidwa masewera opepuka kuopa kuwapweteka, ndipo ankachedwa kuchira. DeLorme anayesa njira ina. Ankapeza kulemera kumene msilikali angakweze kakhumi osapitirira, n'kulemba nambalayo, n'kumaipimanso sabata iliyonse ndi kuonjezera pang'ono. Anasindikiza zotsatira zake mu 1945, ndipo mu 1948, pamodzi ndi Arthur Watkins, anaikonza njirayo kukhala maulendo atatu a kakhumi kakhumi. Mukamva mnyamata wa ku Shikoswe kapena ku Zambia Compound akunena kuti "maseti atatu a teni," akubwereza malangizo a m'chipatala cha asilikali a mawondo othyoka. Anthu amenewo analibe galasi lodziyang'anira kapena nyimbo yowapatsa moto. Anali ndi nambala ya sabata yatha ndi nambala ya sabata ino.

Disembala wapitayu tinayesa zomwezo pansi pa mango. Tinabwereka sikelo ya mayi wina wogulitsa nsomba, imene inalibe ntchito nyengo imeneyo, n'kupima chilichonse. Paipi yaing'ono inapezeka kuti ndi makilogalamu 27, osati 40 monga ankadzitamira. Tinadzaza mchenga m'mabotolo a malita 2, lililonse pafupifupi makilogalamu 3, n'kumawamangirira ndi mphira mbali zonse ziwiri. Kwa makanika wina m'tauni ndinapeza madisiki akutha a mabuleki, amene ali kale ndi bowo pakati. Lamulo linali limodzi: ukakweza kasanu ndi katatu, khala pomwepo mpaka ufike kakhumi ndi kawiri, ukafika onjezera botolo mbali iliyonse n'kubwerera pa kasanu ndi katatu. Ndinagula kabuku ka masamu, aliyense tsamba lake. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti anyamata amene m'kalasi ankathawa manambala anayamba kukangana za manambala. Wina anabwera mvula ikugwa chifukwa mnzake anamupitirira ndi botolo limodzi.

Mnzakeyo ndi mbali ina ya nkhaniyi imene mbiri ya tauni yathu imaphunzitsa. Kafue wa masiku ano anamangidwa ndi mafakitale a boma pambuyo pa ufulu wa 1964: Kafue Textiles chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, Nitrogen Chemicals of Zambia mu 1970, ndi nyumba za Kafue Estates za antchito ake. Makampani a nthawi imeneyo ankasunga masewera monga mbali ya ntchito yawo, ndipo dzina la timu ya Nitrogen Stars likunena lokha kumene inachokera. Ku Copperbelt migodi inkachita zimenezi mokulirapo, ndi maholo, mabwalo ndi aphunzitsi a masewera. Dziko la makalabu a migodi ndi a asilikali ndilo linatulutsa ankhonya monga Lottie Mwale, amene anatenga golide pa masewera a Commonwealth ku Christchurch mu 1974, ndi Keith Mwila, amene anabweretsa mendulo yoyamba ya Olimpiki ya Zambia kuchokera ku Los Angeles mu 1984. Mnyamata wa nthawi imeneyo sankafunika kudzilimbikitsa yekha tsiku lililonse. Panali holo, panali ola lake, panali mdala amene ankafunsa ngati sunabwere. Pambuyo pa 1991 mafakitale anafooka, salaula anamiza nsalu za kuno, migodi inagulitsidwa pofika 2000, ndipo zambiri za zimenezi zinapita nazo. Lero timauza mwana kuti akhale ndi mtima wolimba, pamene tikumupempha kuti achite yekha ntchito imene kale inkachitidwa ndi kampani yathunthu. Ngakhale Patson Daka, amene timanyadira kuti anakulira kuno, sanafike ku Salzburg ndi ku Leicester pomenya mpira yekha kukhoma. Anadutsa ku Kafue Celtic, kumene kunali womuyembekezera pabwalo.

Tsopano werengani masiku. Kuchokera pa 1 Disembala mpaka pa 28 Febuluwale ndi masiku 90. Phillippa Lally ndi anzake a ku University College London anatsatira anthu 96 amene ankayesa kuyamba chizolowezi chatsopano, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2009. Anapeza kuti pakatikati pamatenga masiku 66 kuti chinthu chiyambe kuchitika chokha popanda kudzikakamiza, ngakhale ena anafika m'masiku 18 ndipo ena akanafuna 254. Anapezanso kuti kuphonya tsiku limodzi sikugwetsa chizolowezi. Thupi nalo lili ndi kalendala yake. M'masabata oyamba mphamvu zimakwera msanga, koma kwambiri n'chifukwa chakuti ubongo ndi mitsempha zikuphunzira kulamula minofu imene ilipo kale. Kukula kwa minofu kooneka ndi maso kumabwera pambuyo pa miyezi iwiri kapena itatu. Ndiye kuti mnyamata wa ku Chanyanya amasiya nsimbi pa nthawi yeniyeni imene chizolowezi chayamba kugwira ndipo malaya ayamba kuthina m'mapewa.

Koma ndisawanamizire ulesi. Mwezi wa Malichi ukafika amapalasa bwato usiku wonse, kukoka maukonde onyowa, kugona masana m'misasa ya udzudzu. Imeneyo ndi ntchito ya msana ndi mikono yoposa zimene ine ndimachita ndi choko. Pali chinanso chowawa: nthawi imene ali ndi mpata wonyamula, nsomba kulibe ndipo ndalama kulibe, ndiwo ndi chibwabwa ndi delele. Nthawi imene nsomba zili mbwee, mpata kulibe. Minofu siimangidwa ndi nsima yokha. Imafuna nyemba, nshawa, mazira, soya, mabisi a ku makola a pafupi, ndipo mabotolo a ufa wodula amene amagulitsidwa m'mashopu a ku Lusaka alibe chachilendo choposa zimenezi. Ndipo pamene ife amuna tikuwerenga makilogalamu 27 mokweza mawu, alongo athu amadutsa ndi chigubu cha malita 20 pamutu, makilogalamu 20 enieni, ofanana ndi ndodo yachitsulo ya amuna pa Olimpiki, kangapo patsiku, mwana ali kumsana. Akazi analoledwa kupikisana pa kunyamula zitsulo ku Olimpiki mu 2000 ku Sydney, patapita zaka 104 chiyambire amuna ku Athens mu 1896. Mtsikana mmodzi anatifunsa ngati angalembedwe m'kabuku kathu. Anyamata anaseka mpaka pamene anagwada ndi paipi ija pamapewa kakhumi ndi kasanu. Esther Phiri nayenso ankagulitsa ndiwo zamasamba ku Mtendere asanavale magolovesi.

Chimene chinanditonthoza ine mwini pa masamba anga atatu opanda madeti chinachokera ku Oslo. Mu 2010 ofufuza a kumeneko, motsogozedwa ndi Kristian Gundersen, anaonetsa pa mbewa kuti mnofu ukamakula umaonjezera timitima ta m'maselo ake, ndipo ukafota chifukwa chosagwira ntchito timitimato sitichoka msanga. Onyamula nsimbi anali ataziona kale pa matupi awo, kuti wobwerera amakwera mofulumira kuposa woyamba kumene. Kabuku kanga kakuvomereza. Kulemera kumene kananditengera miyezi isanu ndi umodzi koyamba, nditabwerera ndinakufika m'masabata asanu ndi awiri. Kale ndinkaganiza kuti ndikaleka ndataya zonse, ndipo maganizo amenewo ndi amene ankasandutsa sabata imodzi yophonya kukhala chaka. Ndinasiyanso pulogalamu ya masiku asanu ndi limodzi pa sabata imene ndinakopera pa intaneti, yolembedwera munthu wopanda makalasi asanu ndi mabuku 200 ochonga. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza akuluakulu kulimbitsa minofu masiku awiri kapena kuposerapo pa sabata. Ndinatenga awiriwo, Lachitatu ndi Loweruka, mphindi 40, ngakhale nditatopa, ngakhale ndinyamule theka la zimene ndinalemba.

Kwa anyamata a kudoko tinagwirizana zochepa kuposa pamenepo. Usodzi ukatsegulidwa, Lamlungu masana okha, akatuluka kutchalitchi ndiponso asanakonze maukonde, ndipo cholinga si kukwera koma kusunga nambala ya pa 28 Febuluwale mpaka Disembala wina. Kabuku tinakasiya kwa amalume, chifukwa ndiwo sachoka pakhomo.

Ndinapitako Lamlungu lachitatu la Malichi, msewu uli matope okhaokha. Mwa anyamata khumi ndi mmodzi amene analembedwa, anabwera atatu, ndi mtsikana uja wachinayi. Mmodzi mwa atatuwo anali yemwe nsimbi inamukana, manja atang'ambika ndi chingwe cha ukonde, ali pa makilogalamu 39. Amalume anakhala pa mpando wawo, kabuku pa bondo, pensulo kukhutu. Nditagona pa thabwa kuti ndiyambe, anatsegula tsamba langa, nayang'ana deti lomaliza, nati: "Mphwanga, apa palembedwa khumi ndi ziwiri. Usatinamize, tikuwerenga."